Mwala Umene Stafford Anandisiyira

Stafford Kamtedza, injiniya wa ku Ntcheu amene ankakhala ku Onaiza kuno ku Doha, ndiye anandilakwira. Dzina ndalemba lonse dala. Amene mukumudziwa mukamuuze.

Ine ndine Medson, mlonda. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, sindibisa. Ntchito yanga ndi kukhala pa desiki ya pakhomo la nyumba yosanja imene ankakhalamo iyeyo. Poti tonse ndife a ku Malawi, ankanditchula kuti wakwathu. Wakwathu pomutsegulira chitseko, wakwathu pomunyamulira madzi. Tiyi wa m'nyumba mwake sindinamulawepo.

Korona asanavute, anapita kutchuthi ndi azungu a kuntchito kwake. Anthu ena ndalama zikawachulukira amakagula mavuto. Iwo anakayenda pansi m'mapiri a ku Papua, kutali kwambiri, m'midzi ya anthu a mtundu wa Dani. Atabwerako anaima pa desiki panga n'kumandionetsa zithunzi. Matope ofika m'mawondo. Milatho ya zingwe. Nkhungu pamwamba pa phiri, nyumba zozungulira zaudzu, nkhumba, minda ya mbatata.

Ndinati, "Bwana, zimenezi mukanangopita kwathu ku Dedza. Ndikanakuonetsani ulere."

Anaseka. Kenako anandionetsa manja a mayi wina wokalamba. Zala zambiri zinali zoduka, zitangotsala tizigawo. Anati kumeneko kale munthu akamwalira, akazi a pabanjapo ankadulidwa nsonga ya chala, ndiko kulira kwawo. Atatero anatulutsa sokosi m'chikwama. Munali mwala wakuda, wosalala, wakuthwa mbali imodzi.

"Uwu ndi umene unadula zala zimenezi," anatero.

"Anakupatsani?"

"Anakana, ngakhale ndinatchula mtengo wabwino. Koma ndinagona m'mudzi mwawo. Ndinaona pamene anautsomeka kudenga."

Tamvani zimenezo. Anthu akuwotchera mbatata, akupatsa malo pafupi ndi moto, iwe n'kuwabera m'bandakucha. Munthu wa digiri.

Korona atafika ntchito yake inatha. Ndege zitayambanso kuuluka analongedza. Potuluka anandisiyira sokosi ija.

"Wakwathu, ndisungire. Pa eyapoti angandifunse zambiri. Ndibweranso posachedwa."

Ndinauika mu dirowa ya desiki, chifukwa kukampu timagona ambiri m'chipinda chimodzi ndipo zinthu zimamera miyendo.

Zinachitika mu Januwale, pa shifiti ya usiku. Masiku amenewo aliyense wolowa timayenera kumuona masiki, kumuloza pachipumi ndi kamakina koyeza kutentha, ndi kumuthira sanitaiza m'manja. Mnzanga Mussa wa ku Mangochi anali atatsika kukazungulira koimika magalimoto. Ine mtima unali mbee. Lamulo linali litasintha, munthu ankatha kusintha ntchito popanda kugwadira bwana, ndipo ndinali nditapeza ya udalaivala pa hotela ina ku West Bay. Ndimayembekeza kuti mwezi uthe basi.

Ndinamva fungo la utsi. Utsi wa nkhuni zaziwisi, ndi mbatata yopserera. Nkhuni m'nyumba yosanja ya ku Onaiza zichokera kuti? Ndinayang'ana alamu ya moto. Inali zii.

Chitseko chagalasi chinatseguka chokha. Panalibe munthu. Chinatsekeka. Chinatsegukanso.

Ndinaona pansi. Pamene okolopa anali atangopukuta panali mapazi a matope. Mapazi aang'ono, opanda nsapato. Kunja mvula sinagwe.

Podzutsa mutu, anali ataima patsogolo pa desiki. Mayi wamfupi, wokalamba, thupi lonse lopakidwa dothi louma. Thumba la ukonde linali litakoleka pachipumi n'kulendewera kumsana. Ankapuma ngati munthu amene wachokera kutali.

Mantha amapusitsa. Ine ndinangoyamba ntchito.

"Madamu, masiki."

Ndinawaloza ndi kamakina pachipumi. Sikanalembe kanthu. Ndinadziloza padzanja langa, kanalemba. Ndinawalozanso. Kanangoti gwa. Ndinatenga botolo la sanitaiza, iwo n'kutambasula manja onse awiri.

Manja aja ndinawadziwa.

Maso awo anali pa dirowa. Ndinalankhula Chichewa, poti chilankhulo china chinali chitandithawa.

"Amayi, sindine ndinatenga. Anangondisungitsa."

Ndinatsegula dirowa, n'kuutulutsa mu sokosi. Unali wofunda ngati wachokera paphulusa. Ndinazungulira desiki, ndinagwada monga timachitira kwa akulu, ndinauika m'manja mwawo ndi manja awiri. Anayesa kufumbata. Afumbata ndi chiyani? Mwala unatereka. Ine poopa kuti usweka ndinaponya dzanja pansi pake. Kukamwa kwake kunapeza chala changa cha mkombaphala chakumanja, n'kuchipanikiza pansi. Ndinangomva kuti thyo, ngati kachinangwa.

Ululu sunabwere msanga. Mayi aja anayang'ana chalacho, kenako nkhope yanga. Sanakwiye ayi. Anandiyang'ana monga amakuyang'anira azimayi a pasiwa ukamafika kuchokera kutauni. Anandigwira tsaya ndi chikhatho chawo. Kenako anatembenuka, chitseko n'kuwatsegukira.

Mussa anandipeza ndili chogwada.

"Iwe aise, magazi awa? Nanga dothi lili patsayali walitenga kuti?"

Kutacha ndili pamzere kuchipatala, foni inalira. Anali mlongo wanga Esnat, ku Dedza.

"Achimwene, amayi atisiya usiku uno. Mpweya unawathera."

Sindinkadziwa n'komwe kuti akudwala, ankandibisira. Anawaika tsiku lomwelo, azaumoyo atavala mapulasitiki. Ine dothi la pamanda awo sindinaligwire. Dothi limene ndinali nalo ndi la patsaya lija.

Nsonga ya chala madokotala anaichotsa. Supavaiza anaona kamera n'kupeza ine ndekha, nditagwada, ndikupereka mwala kwa mphepo. Anati ndimasewera pantchito, khalasi, nkhani yatha, palibe chipukuta misozi. Za chitseko anati chimatero chikawonongeka. Za matope sananene kanthu, koma anaitana okolopa msanga. Ku hotela kuja ataona bandeji anati sangadikire, anatenga wina. Ndili pa desiki yomweyi mpaka lero.

Kukampu amanong'ona zosiyanasiyana. Ena amati mayi aja anabwera kudzatenga chawo n'kulephera. Mussa amati ayi, iwo ankadziwa kuti sangaunyamule. Anabwera kudzandikhuza maliro, chifukwa wosunga mwalawo amakhala wa pabanja pawo, ndipo mwala sudziwa kuti uyu ndi wa ku Dedza, umangodziwa ntchito yake. Nditanena zokautaya kunyanja anandigwira mkono.

"Akabweranso n'kupeza palibe, udzawauza chiyani? Amene anautsitsa phiri ndiye aukweze phiri."

Stafford ndinamutumizira chithunzi cha chala changa. Ndinamufotokozera zonse. Anayankha kuti, "Pepa wakwathu, koma zamatsengazo ine ayi. Ungougulitsa, ndi wodula." Kenako anandibuloka. Ndikumva kuti ali ku Lilongwe, akumanga nyumba. Zala zake zonse zilipo, china chili ndi mphete.

Mayi aja ine ndilibe nawo mlandu. Anaberedwa ngati mmene ndinapusitsidwira ine. Koma ndili ndi mkazi ndi ana ku Dedza, ndi bambo okalamba amene akutsokomola. Foni ya kumudzi ikalira, ndimayamba ndayang'ana dzanja langa ndisanayankhe. Masiku ena usiku fungo la mbatata limafika mpaka pachitseko, n'kubwerera.

Mwala uli mu dirowa, mu sokosi yake yomwe ija. Stafford Kamtedza ali ndi ngongole kwa ine ya chala chimodzi, ndi ulendo umodzi wobwerera kuphiri. Sanabweze.