Batire la a Chrispin

A Potiphar analakwa, ndipo masiku ano sakananso. Anapatsa mlamu wawo weniweni batire lakufa, akudziwa.

Iwo ankatchaja ndi kukonza mabatire m'kashedi ka malata kuseri kwa msika wa Lirangwe. Mlamuyo anali a Chrispin, amuna a mchemwali wawo Ida, msodzi wa pa Shire kumtunda kwa mathithi a Nkula. A Chrispin atapeza kainjini ka boti kolizira kiyi, chingwe chake chokoka chitaduka kalekale, anabwera kuti alamu awo awasankhire batire. Ankafuna limodzi lomwelo lizilizira injini, kuyatsa nyale, komanso kutchaja foni.

A Potiphar ankadziwa kuti pamadzi pamafunika awiri: lina lolizira injini basi, lina la sola, lotha pang'onopang'ono, la nyale. Sananene. Latsopano limene anakatenga ku Limbe m'dzina la alamuwo analilumikiza pa wayilesi yakanema kunyumba kwawo. M'malo mwake anatola lina limene dalaivala wa minibasi ku Chileka analitaya. Analitsuka ndi sopo, kuthiramo asidi, kupala mitu yake mpaka kunyezimira, n'kulemba C ndi msomali pambali.

"Alamu, limeneli ndi latsopanodi?" anafunsa a Chrispin akuseka. "Kapena mukufuna mchemwali wanu abwerere kwanu?"

"Lapepala limenelo. Mudzakalamba nalo."

Sanakalambe nalo. Patatha masabata atatu, asodzi amene anali kumtunda anaona nyale ya botilo ikufiira, kenako n'kuzima. Anamva injini ikutsokomola kawiri, osalira. Madzi anakokera boti kumathithi. Mtembo unapezeka tsiku lachinayi. Anthu anati mwina ndi mvuu. A Potiphar ananyamula nawo bokosi la maliro.

Zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa.

Tsiku lina mu Disembala magetsi anazima dzuwa lisanalowe. Kunagwa kamvula kowaza, msika n'kubalalika msanga. A Potiphar anatsala okha m'shedi, akukulunga mawaya pa kuwala kwa kandulo. Ankadikira Ida, amene anasiya foni yake m'mawa kuti itchajidwe.

Anamva mapazi panja. Osavala nsapato. Akuyenda pang'onopang'ono ngati a munthu wosenza katundu wolemera. Anafika pakhomo, n'kuima. Odi sanamveke.

A Potiphar anamuuza kuti atseka, abwere mawa. Munthuyo sanachoke. Kandulo inkangomuwalira kuyambira pachifuwa kutsika. Buluku lopinda m'maondo, likudontha. Anawerama, n'kutula chinthu pa benchi, pamzere wa mabatire a anthu. Benchi inalira.

Fungo linadzaza m'shedimo. Silinali la mvula. Linali la matope a mumtsinje, aja akuda.

Linali batire. Mizu ya namasupuni itakulunga mitu yake, tinkhono titamatirira m'mbali. A Potiphar sanafune kuligwira, koma dzanja linapita lokha. Anapukuta ndere ndi chala. Chalacho chinagwera mumzere wokanda, wopindika. Chinali chilembo C chija; anachizindikira asanachione.

Pakhoma, singano ya tchaja inanjenjemera. Magetsi kunalibe Lirangwe yense. Waya sanalumikize. Singanoyo inakwera pang'ono, n'kugwa. Inakweranso, n'kugwanso. Kawiri, monga inatsokomolera injini ija.

"Alamu," anatero munthuyo, mawu ake ali phee, opanda mkwiyo. "Limeneli ndi latsopanodi?"

 A Potiphar anafuna kupemphera, Atate Wathu n'kuwathawa. M'mutu munabwera mayankho onse amene anakhala akudziuza zaka zonsezi: kuti mwina waya anamasuka, kuti mwina inali mvuudi, kuti tsiku la munthu likakwana lakwana.  

Munthuyo anangodikira. Madzi ankadontha kuchokera pa benchi, kuyenderera pansi, mpaka kufika pa zala zakuphazi za a Potiphar. Anali ozizira ngati a m'bandakucha.

Kenako kunawala tochi kuchokera kumsika. Anali Ida, chitenje kumutu, akudandaula za matope. Analowa pakhomo pomwepo, osapatuka, osapereka moni kwa wina aliyense. Pakhomo panalibe munthu.

Koma batire linali pa benchi.

Ida anafunsa za foni yake, kenako anafwenkha mphuno. Anafunsa kuti fungo la kumtsinjeli likuchokera kuti. Tochi inayenda pansi, kutsata madzi aja, kukwera pa benchi, n'kuima pa chilembo.  Ida ndi amene analinyamula pamutu batirelo kukalikweza minibasi, tsiku lija amuna ake analitenga.

"Achimwene, ili mwalitenga kuti?"

Anthu a pamsika amanong'ona zosiyana. Ena amati msodzi wina analikola mu ukonde n'kudzalisiya mwakachetechete. Ena amangopukusa mutu, amati Shire sabweza chitsulo. A Potiphar satsutsa aliyense. Chimene iwo eni amanena n'chakuti singano ija inanjenjemeranso kachitatu, Ida akuona, ndipo iwo anagwada m'madzi momwemo, nkhope italoza pakhomo popanda munthupo.

"Silinali latsopano, alamu. Linali lakufa, ndipo ndinkadziwa. Lanu lili kwathu. Ida, chinapha amuna ako sinali mvuu, ndinali ine. Pepani. Pepani nonse awiri."