Tsiku Lomwe Telmo Sanabwere Kudzamutola

Tsiku la Noémia linkayamba ndi mpeni. Ankatumbula nsomba mabeseni awiri, n'kuzithira mchere, n'kukaziyala pa thandala la amayi ake ku mchenga wa m'mbali mwa nyanja, m'tauni ya Nazaré. Akabwerako ankasambitsa Íris, mwana wake wa zaka zitatu, kumupatsa buledi ndi mkaka, n'kukamusiya kusukulu ya mkaka. Kenako kuchapa, kutereka supu wa kabichi, n'kuthamangira kudoko komwe ankagulitsa khofi kwa asodzi mpaka masana. Zonse zikatha m'pamene ankanyamula thabwa lake n'kukasewera pa mafunde.

Pa mafunde wamba anali atawina kale mipikisano inayi. Koma mtima wake unali pa aja a nyengo yozizira, yomwe kumeneko imayamba cha mu Novembala, otalika ngati nyumba zosanjikiza. Amenewo munthu sawakwera popalasa ndi manja. Pamafunika awiri: wina pa njinga yamoto ya pamadzi kukoka chingwe, wina pa thabwa. Noémia analibe womukoka.

Lachiwiri lina, pa malo ogulitsira khofi panafika mnyamata wamtali, manja ali bii ndi oyilo.

"Achemwali, khofi mmodzi. Shuga musathire, ndakuonani inu yakwana."

"Mawu amenewo munayamba kuwanena chaka chanji? Atha ngati nsapato zanuzo."

Asodzi awiri omwe anali pafupi anaseka. Mnyamatayo anaseka nawo.

"Ndinakuonani dzulo m'madzi. Mumasewera ngati munthu wokwiya."

"Ndimakhala ndi maola awiri okha. Mwana amaweruka folo koloko."

"Ine ndine Telmo. Njinga ndili nayo, chingwe ndili nacho. Ndikusowa munthu wopenga woti ndizimukoka."

Noémia anapukuta tebulo lomwe linali loyera kale.

"Nanga ndikagwa?"

"Amene wakukokani ndi amene amakutolani. Lamulo lake ndi limenelo, ndipo ine sindinaliphwanyepo."

Anayamba sabata yomweyo. Ntchito yake ilibe zambiri, koma siikhululuka. Woyendetsa njinga amakukoka mpaka funde likutenge, iwe n'kusiya chingwe. Ukagwa, ali ndi masekondi khumi ndi asanu oti alowe m'thovu, iwe ugwire chithabwa cha kumbuyo kwa njinga, muthawe funde lotsatira lisanafike. M'thovu mutu wa munthu suoneka, choncho pamwamba pa thanthwe, pafupi ndi nsanja ya nyali, pamaima munthu wachitatu ndi magalasi oonera patali komanso kawailesi ka m'manja. Iyeyo ndi amene amauza woyendetsa komwe wagwera.

Wachitatu wawo anali malume ake a Noémia, a Amílcar, msodzi wopuma ntchito. Gulu lililonse lili ndi nambala yake pa wailesi. Yawo inali 9.

"Mnyamata wakoyu kuyendetsa amatha," malumewo anatero tsiku lina. "Koma amayang'ana kuthanthwe kwambiri. Amafuna aone ngati akujambulidwa."

"Inunso malume, mumadana ndi aliyense amene ali ndi tsitsi."

Pofika mwezi wachiwiri, "achemwali" anali atatha. Foni ya Noémia inkalira ali pakati potumbula nsomba, iye n'kuitsegula ndi chala chakumapeto.

"Kansomba kanga, wadzuka bwanji? Mphepo ikuchokera kumtunda lero. Nyanja yasalala ngati tsaya lako."

"Tsaya langa lili ndi mamba. Wathira mafuta mu njinga?"

"Ndathira. Iwe sungandiyankheko mawu okoma ngakhale kamodzi?"

"Ndakusungira supu. Okoma ake ndi amenewo."

Tsiku lomwe Noémia anakwera funde lake loyamba lalikulu, atafika kudoko, Telmo anamukhazika pa njinga, n'kumugwira nkhope ndi manja ozizira.

"Tamvera, wapamtima wanga. Ukagwa, usanatulutse mutu ine ndidzakhala nditafika. Ngakhale nyanja yonse itadzaza anthu, maso anga adzakhala pa iwe wekha."

"Ndili ndi mwana, Telmo. Usandilonjeze zongokometsa pakamwa."

"N'chifukwa chake ndikulonjeza."

Kodi mtsikana amene wazolowera kunyamula zonse yekha angatani akauzidwa zimenezo? Noémia anakhulupirira. Nyengo zozizira ziwiri, Telmo anamutola nthawi iliyonse. Madzulo ankabwera kunyumba, kumuika Íris pa mapewa, ndipo mwanayo anayamba yekha kumuitana kuti ababa. Zovala zawo zamphira, majekete ndi mawailesi zinkalowa m'chikwama chimodzi, ndipo Noémia ndi amene ankazitsuka ndi madzi opanda mchere.

Nyengo yachitatu kunabwera kalata. Onse awiri anaitanidwa ku mpikisano waukulu wa mafunde a pathanthwe.

Kunabweranso Tainara, mtsikana wa ku Brazil wodziwika m'mipikisano, ali ndi ojambula atatu ndi njinga ziwiri zatsopano. Telmo anayamba kuchedwa kudoko.

"Injini yawo ikuvuta, ndimangowathandiza," ankatero. "Alendo aja sadziwa madzi athu."

"Alibe makaniko, anthu a ndalama ngati amenewo?"

"Nsanje, kansomba kanga? Iwe?"

Noémia anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kutatsala masiku anayi kuti mpikisano uchitike, nyanja inadzuka. Aliyense anatuluka kukayeserera. Cha m'ma teni koloko, Telmo anamukokera pa funde lalikulu kuposa onse amene anakwerapo. Anatsika bwino mpaka pakati. Kenako mphuno ya thabwa inagunda kabampu ka madzi, iye n'kuuluka.

Pansi pamadzi palibe kumwamba kapena kunsi. Anakoka kachingwe ka jekete kuti lifufume, n'kudikira. Atatulutsa mutu anakweza dzanja monga ankachitira nthawi zonse.

Panalibe njinga.

Funde lachiwiri linamugwera. Anamva phewa likuchoka m'malo mwake. Atatulukanso anapuma kawiri, n'kuyang'ana uku ndi uku. Thovu lokhalokha. Lachitatu linamumenya khutu, ndipo zotsatira sanazione. Anadzuka ali pa mchenga, anthu awiri osawadziwa akumukoka m'khwapa, iye akusanza madzi.

Kuchipatala Telmo anafika maso ali psuu. Anagwada pambali pa bedi.

"Injini inameza thovu, inazima. Ndinaliza kanayi, osayaka. Ndinkakuona, wapamtima wanga, ndinkakuona koma ndinalibe chochita."

Zimachitika. Aliyense wa m'madzi amenewo amadziwa kuti njinga imazima m'thovu. Noémia anamusisita mutu ndi dzanja lomwe linali labwino.

"Basi, usalire. Ndili moyo."

Tsiku lachitatu Telmo anabwera ndi mphete.

"Ndinatsala pang'ono kukutaya. Sindikufunanso kudikira. Tikwatirane ukangochira."

Amayi ake a Noémia analira ndi chimwemwe. Anamwino anaomba m'manja. Malume Amílcar anayang'ana mpheteyo, n'kunena kuti akupita kukagula fodya, ngakhale anasiya kusuta zaka khumi zapitazo.

Mpikisano unachitika iye ali pabedi. Telmo anati okonza anamupempha kuti akoke Tainara, popeza womukoka wake anali atavulala bondo, ndipo kukana kukanaoneka mwano. Awiriwo anamaliza pa nambala yachiwiri.

Patatha milungu iwiri, Noémia anapeza chikwama chija kuseri kwa chitseko cha bafa, komwe malume anachiponyera tsiku la ngozi. Chinali chitayamba kununkha. Ndi dzanja limodzi anatulutsa zovala n'kuziviika m'beseni. Wailesi ya Telmo inali ikadali yomangirira pa jekete lake. Anaipukuta mchere, n'kuiyatsa kuti aone ngati madzi sanalowe.

Wailesi zimenezi zikayaka zimabwerera pa nambala yomwe zinazimira. Inaonetsa 14.

Anaizimitsa, n'kuiyatsanso. 14.

Anavala juzi, n'kupita kwa malume ake. Anawapeza pakhonde akusoka ukonde wa mnzawo. Anaika wailesiyo pa maondo awo.

"Malume, 14 ndi ya ndani?"

Mkuluyo anapitiriza kusoka mfundo ziwiri.

"Ya a ku Brazil aja."

"Tsiku lija munamuitana Telmo?"

"Kakhumi ndi kamodzi. Ndinamuuza kuti uli kumanzere, moyang'anizana ndi mwala. Injini ikazima wailesi siizima, mwanawe. Munthu amayankha, amati ndafa kuno, tumizani wina. Iye anangoti zii."

"Njinga inazima?"

"Njinga yozima siithamanga choncho. Mtsikana uja anagwa pa funde la kumbuyo kwako. Telmo anakhotera kumanja, n'kukamutola iyeyo. Womukoka wake anali pomwepo, akubwera. Njinga ziwiri pa munthu mmodzi, iwe wopanda ndi imodzi yomwe."

"Bwanji simunandiuze?"

"Unali ndi mipaipi m'mphuno ndi mphete pachala. Amayi ako akuvina. Ndinati uyambe wachira. Mwina ndinalakwa."

Noémia sanalire. Anafunsa nthawi, anaona kuti Íris watsala ndi ola limodzi kuti aweruke, n'kutsetserekera kudoko.

Telmo anali akutsuka njinga ndi paipi ya madzi. Atamuona anamwetulira.

"Mkazi wanga wam'tsogolo! Adokotala anati uzipuma, iwe."

Noémia anayatsa wailesi ija n'kumuonetsa nambala. Madzi anapitiriza kuthira pa simenti.

"Mwina inadinika m'chikwama," Telmo anatero.

"Ili ndi loko. Ndine ndimaitseka ndikatsuka. Yesa bodza lina."

Telmo anatseka mpopi. Anakhala pa chitini cha mafuta, n'kuyang'ana zala zake.

"Anthu ake a Tainara anandipempha kuti ndizimuyang'anira mwamseri. Anati ndikaonetsa kuti ndimatha, anditenga ulendo wa ku Hawaii. Ndinkasintha nambala kwa kanthawi kochepa, kuti ndimve komwe ali. Tsiku lija munagwa nonse awiri."

"Ndiye unasankha."

"Iwe ndiwe wolimba, Noémia. Unabadwira m'madzi amenewa. Ndinadziwa kuti utuluka. Iye uja akanafa."

"Anali ndi womutola wake."

"Ndinaganiza kuti ndibwerera msanga."

"Masekondi khumi ndi asanu, Telmo. Unandiphunzitsa ndiwe."

Telmo anapukuta manja pa buluku lake.

"Ndikanapanda kutuluka, Íris ukanakamuuza chiyani? Kuti amayi ake anali olimba?"

"Usatero, kansomba kanga."

"Dzina limenelo lisiye. Ndifunse kamodzi kokha, ndipo undiyang'ane. Iwe ndi iye, ndi ntchito basi?"

Telmo anayang'ana paipi yomwe inali pansi.

"Zinayamba mu Novembala. Koma zilibe tanthauzo. Amene ndikufuna kukwatira ndiwe, mphete ija ndinagula ndi mtima wonse."

"Unagula chifukwa malume anakuona."

Mpheteyo inavuta kuvula chifukwa zala za dzanja lovulala zinali zotupa. Anapempha sopo amene Telmo ankatsukira njinga, anapaka pachala, inatuluka. Anaiika pa mpando wa njinga pamodzi ndi wailesi.

"Jekete lako lili m'beseni kwathu. Ndalisiya m'madzi. Utume munthu adzatenge, iwe usabwere."

"Noémia, anthu amalakwitsa. Sungandikhululukire?"

"Za mkaziyo mwina ndikanayesa, sindikudziwa. Koma ine ndimagwira chingwe chako ndi mwana kunyumba. Ndingachigwirenso bwanji?"

Anafika kusukulu ya mkaka nthawi yake isanakwane, n'kudikira pageti ndi azimayi anzake.

Mauthenga anabwera kwa masiku asanu ndi anayi. "Sindikugona." "Ndiwe mpweya wanga." "Ndipatse mwayi umodzi, ndidzakutola moyo wanga wonse." Anawerenga onse, sanayankhe ngakhale umodzi. Mu Januwale anamva kwa asodzi kuti Telmo wakwera ndege.

Zomwe nkhaniyi inamudyera n'zosavuta kuzitchula. Phewa linatenga miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mpaka pano dzanjalo silifika pa shelefu ya pamwamba. Khutu lakumanzere silimvanso, choncho pa malo a khofi amatembenuza mutu kuti amve oda. Thabwa lake linapezeka litathyoka pakati. Mpikisano womwe anaukonzekera nyengo zozizira zitatu anauonera pa foni, ndipo chaka chotsatira sanaitanidwe. Amayi ake anayanika nsomba okha mpaka Julayi, msana n'kuwavuta. Womukoka watsopano anamupeza, mayi wina wa m'tauni ya Peniche wosalankhulalankhula, koma zinamutengera nyengo yathunthu kuti asiye kucheuka asanasiye chingwe.

Íris anafunsa za ababa ake tsiku lililonse kwa milungu isanu. Sabata yachisanu ndi chimodzi anasiya.