Tsitsi la Chimango

Lolemba m'mawa aphunzitsi anamubweza Chimango kusukulu. Anati tsitsi lake lakula kwambiri, asabwerenso mpaka atameta.

Mayi ake, Bernadetta, anamulandira pakhomo mtima uli m'mwamba. Mwana wawo wa zaka zisanu ndi ziwiriyu ankalankhula mawu ochepa chabe, ndipo zinthu zimene ana ena sazilabadira n'komwe, iye zinkamuzunza. Chigayo chikalira ankatseka makutu n'kunjuta pansi. Malaya atsopano ankawavula akulira ngati muli chitedze. Kumutu kwake ndiye sankalola munthu kukhudzako.

Bambo ake, a Elliam, atabwera kumunda wa thonje anamva nkhaniyo ndipo anapsa mtima.

"Mwanayu mukumusasatitsa ndinu, mayi a Chimango. Ana onse m'mudzi muno amameta. Iyeyu ndi ndani?"

"Si mwano, bambo. Makina ometera aja amamupweteka."

"Iyayi, makina sapweteka munthu. Anthu akunena kale kuti mwana wathu analodzedwa. Mukufuna azitinso ndi wamisala?"

A Elliam anamukweza Chimango panjinga n'kupita naye ku Nselema. Linali tsiku la msika. Njinga zamoto zinkalira mbali zonse, ogulitsa kaunjika akukuwa, nyimbo zikugunda m'mashopu. Pofika kwa Kevin wometa, Chimango anali atatseka kale makutu.

Makina atangolira pafupi ndi mutu wake, mwanayo anakuwa kukuwa kumene bambo ake anali asanakumvepo. A Elliam anamupanikiza pampando, n'kumuchotsa manja m'makutu kuti wometa agwire bwino ntchito.

"Metani msanga," anatero.

Chimango anaphiriphitha mpaka anadzikodzera. Makina anamucheka kuseri kwa khutu. Kenako anangoti zii, maso ali kudenga, osaphethira. Kevin anazimitsa makina mutu utametedwa mbali imodzi.

"Pepani bambo, ine sindipitiriza."

Bala linali laling'ono, koma Bernadetta anaumirira kuti apite kuchipatala. Kumeneko namwino, mayi Fauziya, anatsuka balalo mofatsa, nafunsa mafunso ambiri okhudza kadyedwe, kavalidwe ndi kasewerede ka mwanayo.

"Zikuoneka ngati ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa otizimu," anatero namwinoyo. "Ndikutumizani kwa dokotala wa ana kuti akatsimikize. Ana ena otere amamva phokoso ndi kukhudzidwa mwamphamvu kuposa ife. Makina amene inu mumawamva ngati njuchi, kwa iye mwina ali ngati sitima ya pa Liwonde ikudutsa m'mutu mwake. Akamatseka makutu ndiye kuti akudziteteza."

A Elliam anaweramitsa mutu. Patapita kanthawi anafunsa motsitsa mawu, "Mankhwala alipo?"

"Ochiziratu palibe. Chimene mungachite ndi kuphunzira zomwe zimamupweteka, n'kumamuchepetsera."

Kuchokera tsiku limenelo Chimango anasintha. Mawu ochepa aja anatheratu. Akangomva bambo ake akutsokomola panja, ankathawira kunsi kwa bedi. Chakudya sankadya ngati iwo ali pafupi. Kusukulu sanabwererenso, chifukwa akaona yunifolomu ankayamba kulira. Bernadetta anaonda. Nthawi zina ankachapa zovala misozi ikugwera m'beseni, osaipukuta.

Tsiku lina mnansi wawo anaima pamsewu akuseka. "A Elliam, mutu wa mwana uja mudzamaliza liti? Akuoneka ngati munda wolima theka."

"Sitimaliza," anayankha a Elliam. "Mwana wanga sanalodzedwe, ndipo alibe mwano. Amene sankamva ndine."

Mnansiyo anachoka mwamanyazi, koma zimenezo sizinawapepuze mtima a Elliam. Masana amenewo anakhala pansi patsinde la mtengo wa mango, kutali ndi khomo, akusenda chinangwa mwakachetechete. Chimango anasuzumira pachitseko. Anawayang'ana pang'ono, n'kubwerera m'nyumba.

A Elliam anaika mpeni pansi.

"Mayi a Chimango, kodi mwanayu adzabweranso kwa ine?"

Bernadetta anakhala pambali pawo. Anafuna kuwalimbitsa mtima, koma mawu abodza anakana kutuluka.

"Sindikudziwa, bambo."

M'mawa mwake a Elliam sanapite kumunda. Anakhalanso patsinde pomwe paja, osaitana, osayandikira. Dzuwa linakwera, mthunzi unawachokera, iwo osasuntha. Chimango anatsegula chitseko pang'ono, n'kuchisiya choncho.