Zithunzi za Mwezi wa Utsi

Mpaka lero, Esinati akaona minibasi ya ku Blantyre ikutsitsa anthu pa Mwanza boma, mtima umamubwezera tsiku lomwe anakumana ndi Laston. Esinati anali atakumbatira bokosi lalitali ngati khanda.

"Achemwali, mwanyamula mfuti kodi?" anafunsa mnyamatayo akumwetulira.

"Ndi telesikopu. Ndimaphunzira za nyenyezi ku yunivesite."

"Ndiye mukuvutikiranji? Nyenyezi ndi inuyo!"

Mawu otchipa ngati amenewo, koma Esinati anagwa nawo!

Laston ankaphunzitsa kwawo ku Thambani, komwe thambo limaoneka bwino. Patchuthi cha Juni, likangolowa dzuwa, ankajambula limodzi gulu la nyenyezi la kumchira kwa nyenyezi zotchedwa Chinkhanira, poyamba ndi galasi la buluu, kenako lachikasu.

"Nyenyezi zimenezi zinabadwa pamodzi," Esinati ankafotokoza. "Fumbi la m'mlengalenga limazifiiritsa ndi kuzizimiriritsa, ndiye zimaoneka ngati zili kutali kwambiri. Ndikayeza kufiirako, ndidziwa mtunda weniweni."

"Ine ngakhale upite kutali bwanji, sindidzazimirira, wapamtima wanga," anatero Laston. "Ndisiyire makinawa, ndizikujambulira mwezi uliwonse."

Pochoka, Esinati anamanga bokosilo ndi kansalu kake ka kumutu.

Zithunzi zinkabweradi, ndi timauthenga totsekemera. "Ndajambula ndikukuganiza, nyenyezi yanga."

Koma atayeza za mu Okutobala, anaona kuti china chake chalakwika. Mwezi umenewo tchire limapsa, utsi umakuta Thambani yense, ngakhale dzuwa limalowa lili psuu. Nanga bwanji nyenyezi zake zinali zowala mbee ngati mu Juni? Anayezanso katatu. Manambala anali omwewo, osasiyana ngakhale pang'ono. Laston ankangomutumizira zithunzi zakale!

Loweruka anakwera basi osamuuza. Atagogoda kwa Laston, chitseko anatsegula ndi mtsikana woyembekezera.

"Ndine Doris, mkazi wawo wa a Laston. Iwo apita ku malire. Tikuthandizeni?"

Esinati anasuzumira m'nyumba. Pakona panali bokosi lija, fumbi lili mbuu, kansalu kali chimangire.

"Ndabwera kudzatenga icho," anatero Esinati.

"Oho, ndinu asuweni awo aja? Chonde tengani, chimangotipanikiza malo."

Anakwera galimoto yobwerera ku boma atakumbatira bokosi lake monga tsiku loyamba lija. Misozi inangoti mbwembwembwe. Ankalira Laston, komanso ankalira madzulo a mu Juni aja, omwe kwa iye anali oona.

Foni inalira, uthenga wa Laston unalowa. "Wapamtima, dzulo ndajambulanso. Kumwamba kunali koyera ngati mtima wako."

Esinati anayang'ana mapiri, osaoneka n'komwe ndi utsi. Anajambula bokosi lili pamiyendo pake, kansalu kali chimangire, n'kumutumizira.

Uthengawo unawerengedwa pompo. Yankho silinabwere mpaka lero.