Botolo la Mwini Wake

Anakumana pa siteji ya basi mvula ikugwa. Mnyamata wa taye yofiira anafunditsa mtsikana wina ambulera, iyeyo n'kumanyowa. Ku saluni komwe mtsikanayo ankaluka tsitsi, anzake anangomutcha mnyamatayo Wataye.

Patatha miyezi itatu, Wataye anabwera ndi kajumbo. M'katimo munali botolo lolemera la perefyumu, lachivindikiro chagolide.

"Duwa langa, uyu ndi weniweni, wochokera kunja. Mkazi amene ndidzamukwatire sangadzole za m'misewu."

Mtima wa mtsikana unangoti myaa! Koma atapopera m'mawa, pofika kuntchito fungo linali litathawa kale. Chinatsala n'kafungo ka sipiriti ndi khosi loyabwa.

"Asisi, perefyumu wodula uja mwamusiya m'basi?" anamuseka mnzake wa mu saluni.

Masana anapoperanso. Bulauzi yoyera inachita banga la mafuta. Zoona perefyumu wodula n'kumatero? Anapsa mtima, osati ndi Wataye ayi, koma ndi amene anapusitsa wokondedwa wake. Pakajumbo paja panali dzina la shopu. Analunjika komweko.

"Mayi, mulibe manyazi? Kumunamiza munthu dzuwa likuswa mtengo!"

Mayi wogulitsayo sanatekeseke. Anakhutchumula botolo, kununkhiza, kenako n'kuloza timikwingwirima pakhosi pa botololo.

"Botolo ndi lenileni, mwanawe. Zam'katimu n'zathu zosakaniza, timathira ndi jakisoni, ndipo sitibisa. Anakupatsa ndi bambo a taye yofiira aja, eti? Weniweni amagulira akazi awo. Madamu akamaliza, bambowo amabweretsa botolo kuti tithiremo zathuzi."

"Akazi awo?"

"Ee, ndipo panopa ndi oyembekezera. Ili ndi botolo lachitatu chaka chino."

Lachitatu! Nanga awiri enawo ali m'chikwama cha ndani?

Foni inanjenjemera m'manja mwake. Unali uthenga wa Wataye: "Wadzola, mfumukazi yanga? Fungo lako likundipeza kuno ku ofesi. Ndiwe wekha, mpaka imfa."

Misozi inalengeza m'maso, koma anaibweza. Kulirira sipiriti? Anaika botolo pakauntala, kulijambula mayi wogulitsa akuoneka kumbuyo, n'kutumiza chithunzicho. Kenako analemba:

"Mphuno yako ndi yamphamvu, achimwene, poti ine mwini wake sindikumva kanthu. Botolo la akazi ako ndalisiya pano, udzatenge. Ine si dzala lotayirapo zotsala."