Dzino la Phwiti Lokana Kugwedera

Phwiti anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anali wochepa thupi ngati kambalame kotchedwa phwiti, n'chifukwa chake onse ankamutcha Phwiti. Phwiti ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti dzino lake ligwedere.

Amayi ake anali telala. Ankasokera m'kachipinda kakang'ono, pafupi ndi msewu. Munali makina osokera. Munali nsalu zambirimbiri. Munali botolo la mabatani. Munalinso botolo la maswiti.

Akaweruka kusukulu, Phwiti ankakhala pansi pa tebulo. Ndipo ankalankhula. Mwana ameneyu pakamwa pake panalibe chitseko! Ankafunsa mafunso. Ankaimba. Ankauza makasitomala kuti anenepa.

Amayi akamayeza munthu ankafuna bata.

"Phwiti, tenga switi. Ika m'tsaya. Usatafune. Ukhale chete."

Phwiti ankaika switi m'tsaya lakumanzere. Switi ikatha, ankayambanso kulankhula. Amayi ankatsegulanso botolo. Lolemba switi. Lachiwiri switi. Mpaka Loweruka switi.

Tsiku lina dzino lakumbuyo linayamba kupweteka. Phwiti analikhudza ndi lilime. Linali ndi kabowo.

"Amayi, dzino likundipweteka."

Amayi anali ndi madiresi asanu oti amalize. Anangosuzumira pang'ono.

"Ndi laubwana limenelo. Ligwedera. Lichoka lokha. Kenako limera latsopano, loyera. Waiwala akutsogolo aja? Pirira, mwanawe."

Phwiti sanaiwale. Mano akutsogolo anagwedera. Anachoka. Atsopano anamera. Choncho Phwiti anayamba kudikira.

M'mawa uliwonse ankalikankha ndi chala.

"Gwedera, dzino langa. Chonde gwedera."

Dzino silinagwedere.

Sabata inatha. Kabowo kanakula. Phwiti akamwa madzi ozizira, dzino linkalasa ngati singano. Akamwa tiyi, linkalasanso.

"Gwedera, dzino langa. Chonde gwedera."

Dzino silinagwedere.

Miyezi inatha. Kabowo kanasanduka chibowo chakuda. Phwiti ankatafunira mbali imodzi. Mswachi sunkafikanso kumbuyo, chifukwa kunkawawa. Switi ija anaisamutsira m'tsaya lakumanja.

Kusukulu Phwiti anasiya kukweza dzanja. Anasiya kudumpha chingwe. Mnzake wa pa desiki anasendera kutali.

"M'kamwa mwako mukununkha," anatero mnzakeyo.

Phwiti anachita manyazi. Anaweramitsa mutu pa desiki. Mumtima ankati, "Anzanga onse mano awo amagwedera. Langa lokha likukana. Lindipweteka mpaka kalekale."

Masana ena Phwiti anatola ulusi pansi pa tebulo. Anaumanga padzino. Anatsinzina. Anakoka ndi mphamvu. Ulusi unaduka. Dzino linakhala pomwepo. Ululu unakwera mpaka kukhutu.

Phwiti analira. Koma analira chamumtima. Amayi anali akuyeza munthu, ndipo ankafuna bata. Misozi anaipukutira pa tizidutswa ta nsalu.

Kasitomala atapita, Amayi anakhala pamakina. Anasoka pang'ono. Kenako anaimitsa phazi. M'chipinda munali zii. Anayang'ana botolo la maswiti. Tsiku limenelo sanalitsegule n'komwe. Nanga bata limeneli lachokera kuti?

Amayi anawerama. Anasuzumira pansi pa tebulo. Tsaya la Phwiti linali litatupa. Maso anali ofiira. Ulusi unali lendelende pakamwa.

"Mayo ine! Mwana wanga!"

"Ndapirira, Amayi," anatero Phwiti. "Koma silikugwedera."

M'mawa mwake Amayi sanatsegule kosokera. Anapita ndi Phwiti kwa dokotala wa mano. Anadikira pabenchi nthawi yaitali. Kenako analowa. Munali mpando wogonera chagada. Pamwamba panali getsi lowala kwambiri.

Adokotala anali bambo wamtali, wolankhula mofatsa.

"Yasamula, mwana wanga. Eya, choncho."

Anaika kagalasi kakang'ono m'kamwa mwa Phwiti. Anayang'ana. Anayang'ananso. Kenako anapuma mpweya wautali.

"Mayi, dzino ili si laubwana."

"Si laubwana bwanji, Adokotala? Pamenepo sipanachokepo dzino."

"Zoona, mayi. Makolo ambiri amanamizika choncho. Pali mano anayi akumbuyo. Awiri m'mwamba, awiri m'munsi. Amamera mwana ali ndi zaka ngati zisanu ndi chimodzi. Amamera mwakachetechete, popanda lina kuchoka. Amenewo ndi a moyo wonse."

Phwiti anafunsa ndi mawu ang'onoang'ono.

"Ndiye ligwedera liti?"

"Siligwedera, mwana wanga."

"Mukalichotsa, limera lina?"

Adokotala anapukusa mutu.

"Simungalimate, Adokotala?" Amayi anafunsa. "Chonde, yesani."

"Likanakhala kabowo, ndikanalimata. Koma lawola mpaka pansi. Mwafika mochedwa."

Amayi anagwira pakamwa. Anatsamira khoma.

Adokotala anapereka mankhwala ochotsa kutupa. Anati abwerenso pakatha masiku atatu.

Masiku atatu amenewo anali owawa. Phwiti sankadya bwino. Sankaseka. Sankalikankhanso dzino ndi chala. Akanalikankhiranji? Miyezi yonse ija anadikira pachabe.

Nawo Amayi ankasoka mokhota. Ankamasula. Ankasokanso mokhota.

"Ndalakwa ndine," ankadandaula okha. "Ndinamutseka pakamwa mwana ndi maswiti. Atadandaula, ndinati pirira. Madzi akatayika saoleka."

Tsiku lachitatu anabwerera. Phwiti anagona pampando uja. Adokotala anamubaya jakisoni m'nkhama. Inawawa pang'ono. Kenako tsaya lonse linachita dzanzi. Adokotala anagwira dzino ndi chopanira. Anagwedeza. Anagwedezanso. Dzino linatuluka.

Phwiti analiona m'kambale. Linali lalikulu. Linali ndi mizu yaitali. Pamwamba ponse panali pakuda. Misozi inatsikira m'makutu mwake. Sankalira ululu ayi. Ankalira dzino lake.

"Pali chinanso," anatero Adokotala.

Anamupatsa galasi. Analoza kumbuyo, mbali yakumanja. Pa dzino linzake panali kadontho kakuda.

Phwiti anatsitsa galasi.

"Nalonso mulichotsa?"

"Ayi. Ili talipeza msanga. Ili tilimata."

Sabata yotsatira anabweranso. Adokotala anapala powola ndi kamakina kolira ngati udzudzu. Anatsuka. Anamata ndi mankhwala oyera. Anamuuza kuti alume. Phwiti analuma. Sipanapweteke. Kabowo kanali katatsekeka.

"Akumbuyo aja atsala atatu," anatero Adokotala. "Uziwatsuka m'mawa ndi madzulo, ndi mankhwala otsukira mano. Mswachi uzifika mpaka kumapeto. Switi isamagone m'tsaya. Ukaona kadontho kakuda, usadikire. Bwera msanga."

"Ndamva, Adokotala."

"Inunso mwamva, mayi?"

"Ndamva," anayankha Amayi, maso ali pansi.

Atafika kosokera, Amayi anatsitsa botolo la maswiti. Analikhuthula. Anathiramo masingano ndi mapini.

"Nanga ndikamalankhula, muzindipatsa chiyani?" Phwiti anafunsa.

"Ndizikupatsa makutu," anatero Amayi.

Phwiti sanaseke. Lilime lake linkangopita pampata paja. Panali pofewa. Panalibe kanthu.

"Amayi, m'kalasi monse ndine ndekha wa mpata wosamera."

Amayi anaika botolo pa tebulo. Kenako anatseka chitseko. Anagwada pamaso pa Phwiti. Anayasamula kwambiri.

"Yang'ana kumbuyo, m'munsi."

Phwiti anasuzumira. Anatong'ola maso. Panali mpata. Unali pamalo omwewo ngati wake.

"Amayi! Lanu linapita kuti?"

"Linawola ndili ngati iwe. Analichotsa. Kunyumba anandiuza kuti limera lina."

"Ndiye linamera?"

"Waona wekha. Zaka zonsezi ndimati langa ndi laulesi chabe. Ndimati likubwera."

"Mpaka lero mumadikira?"

"Mpaka tsiku lija kwa Adokotala."

Phwiti anayesa kudzigwira. Analephera. Anaseka. Amayi nawo anaseka, misozi ili m'maso.

"Yasamulaninso," anatero Phwiti.

Amayi anayasamula. Phwiti anayang'ana bwinobwino, dzino ndi dzino. Kumanja anaona kadontho kakuda.

"Amayi, muli ndi kabowo."

"Ndi kakang'ono, mwanawe. Sikapweteka. Ndili ndi madiresi ambiri oti ndisoke."

Phwiti anapukusa mutu. Anatenga chikwama cha Amayi pamsomali. Anawapatsa m'manja.

"Madiresi adikire, Amayi. Tiyeni. Ili talipeza msanga."

Amayi anaphimba makina ndi nsalu. Anakiya chitseko. Awiriwo anatuluka mumsewu, Phwiti ali patsogolo.