Chitseko Chimene Chinkatseguka Chokha ku Nkhokwe ya Mankhwala

Chinayamba ndi kulira. Usiku kukati zii m'nkhokwe ya mankhwala ya kampani ina, kompyuta yakale ya pokwezera katundu inkayamba kulira kuti tii, tii, ngati mwanapiye wotayika. Anaimva ndi mlonda wa usiku, bambo wachikulire wotsimphina, ndipo m'mawa anauza mwana wake wamkazi amene ankayang'anira makompyuta onse a pakampanipo. Anthu ankamutchula kuti Mawaya, poti nthawi zonse ankapezeka atagwada pansi pa tebulo la wina, mawaya ali m'manja.

"Musadandaule, ababa," anaseka Mawaya. "Ameneyo ndi mlonda mnzanu, pulogalamu yoteteza kompyuta. Ikalira ndiye kuti yagwira vairasi."

Pulogalamuyo ankainyadira ngati mwana wobereka yekha. Anaiika m'makompyuta onse, ndipo inali ndi mphamvu zoposa za bwana: inkalowa paliponse, n'kufufuta chilichonse, osapempha kwa munthu.

Kenako makatoni anayamba kusowa. Chipinda cha mankhwala odula chinali ndi chitseko chachitsulo chotseguka ndi khadi ya bwana yokha, koma m'mawa mashelefu ankapezeka ndi mipata ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Loko anali bwinobwino, makamera akuonetsa mdima wokhawokha. Onyamula katundu anayamba kunong'onezana. Ena ankati ndi mzimu wa dalaivala amene anaphwanyidwa ndi lole pageti, ena ankati mlondayo ali ndi zitsamba zogonetsa chitsulo. Bwana analibe nazo ntchito za mizimu. Anangoti katoni ina ikasowa, onyamula onse ntchito yatha.

Katoni ina inasowadi. Kusanache bwino, onyamula anamupeza mlonda pageti, kapitawo wawo ali patsogolo. Anamugwetsa pansi, n'kumuponda ndi majombo, wina n'kumukwapula ndi lamba womangira katundu mpaka chitsulo chake chinang'amba tsaya. Kapitawo yekha anamuthyola chibwano ndi thabwa. Mawaya anafika abambo ake atagona m'magazi, chipewa chawo chili m'ngalande.

"Akapanda kubweza, tikawamalizira kunyumba," anatero kapitawo, akupukuta manja pa ovolosi.

Mawaya sanalire pamaso pawo. Analira kuchipatala, ataona adokotala akumanga chibwano cha abambo ake ndi waya, ndipo misozi itatha mumtima munatsala ukali wokhawokha. Anawabweretsa kunyumba, n'kubwerera kuntchito, n'kukhala pa kompyuta ya pokwezera katundu ija.

Kompyutayo inali yonyozeka. Aliyense ankaigwiritsa ntchito kusindikiza timapepala tomata pa makatoni, ndipo wolowamo sankaloledwa kuchita china chilichonse. Koma Mawaya anaona chinthu chachilendo: pulogalamu yake inkagwira vairasi imodzimodziyo, pamalo amodzimodziwo, usiku uliwonse. Anayesa yekha mpaka anamvetsa. Munthu ankaika vairasiyo dala ngati nyambo. Pulogalamu ikabwera kudzaichotsa, iye ankasinthanitsa msangamsanga foda imene munali vairasiyo ndi njira yoloza mkatikati mwa kompyuta, ndipo pulogalamuyo, ndi mphamvu zake zonse zija, inkafufuta zotchinga zoletsa anthu wamba kulowa mkati m'malo mwa vairasi. Zikatero wosindikiza timapepala ankasanduka bwana. Ndipo poti kompyutayo inkalumikizana ndi zitseko ndi makamera, zonse zinkamumvera.

Madzulo amenewo sanapite kunyumba. Anabisala m'kachipinda ka makina, magetsi atazimitsa, laputopu ili pamiyendo. Mdima unali wolemera, mafiriji akung'ung'udza, malata akuthetheka pozizira. Anadikira mpaka miyendo inachita dzanzi. Ndiye anamva kachitseko ka kumbuyo kakulira pang'onopang'ono, ndi mapazi a munthu wovula nsapato.

Kuwala kwa kompyuta kunaonetsa nkhope ya kapitawo. Masana bamboyu ankabaya mabatani ndi chala chimodzi, akudandaula kuti zinthu zimenezi n'za ana. Tsopano zala zonse zinkathamanga ngati nyerere. Kompyuta inalira, chitseko chachitsulo chinati kwe, iye n'kulowa ndi thumba. Mawaya anadina batani pa laputopu, chitseko n'kutsekeka kumbuyo kwake.

Akanatha kuimbira apolisi, ndipo ankadziwa zimenezo. Anaimbira onyamula katundu.

Anabwera akuthamanga, ena malaya ali m'manja, ndipo atasuzumira pa kagalasi ka chitseko anaona kapitawo wawo atakumbatira thumba lodzaza mabotolo. Palibe amene anayang'ana Mawaya m'maso. Manyazi awo anasanduka mkwiyo pomwepo, n'kuyamba kutola zitsulo zokanulira mabokosi.

"Achemwali, musatsegule," kapitawo ananong'ona pa mpata wa chitseko. "Itanani apolisi. Chonde, ndili ndi ana."

"Abambo anga analibe mwana?" anafunsa Mawaya.

"Tsegulani, asisi," anatero wonyamula wina wamtali, yemwe uja anagwira lamba m'mawa. "Tikonze zimene tinalakwitsa."

Mawaya anatsegula. Sanayang'ane, koma makutu alibe chotsekera. Anamva mabotolo akusweka, chitsulo chikugunda fupa, mawu a munthu wamkulu akuchepa mpaka kukhala ngati a kamwana, kenako kupuma kwa amuna otopa. Ankayembekeza kuti mtima wake ukhala pansi, koma sunakhale. Pamene ambulansi inkafika, kapitawo sankagwedezanso miyendo, ndipo palibe amene ankadziwa ngati adzaona m'mawa.

Kunyumba anapeza abambo ake ali maso, mutu wokulungidwa ndi mabandeji. Anagwada pambali pa bedi, n'kuwagwira dzanja.

"Ababa, wakuba wagwidwa. Ndi kapitawo. Dzina lanu layera."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana nsapato zake zimene zinali ndi madontho ofiira. Anayankhula movutikira, mano ali omangidwa.

"Amumenya?"

Mawaya anagwedeza mutu kuvomera.

"Omumenyawo anawaitana ndani?"

Mawaya anaweramitsa mutu. Abambo ake anachotsa dzanja lawo m'dzanja lake pang'onopang'ono, n'kutembenukira kukhoma.